Kukalawa vinyo kuminda ya mpesa ya ku Western Cape: njira zisanu ndi zimene iliyonse imafuna

Vinyo wambiri amene timamuona m'mashopu a ku Lilongwe, Blantyre ndi Lusaka amachokera m'chigawo cha Western Cape m'dziko la South Africa, kumene mphesa zinafinyidwa koyamba pa 2 Febuluwale 1659, monga mmene Jan van Riebeeck, mtsogoleri wa Adatchi oyamba kukhazikika ku Cape, analembera m'buku lake la zochitika za tsiku ndi tsiku. Anthu akwathu amene amakhala ku Cape Town, ndiponso amene amapitako kukaona abale kapena kumisonkhano ya ntchito, amafika pofuna kukaona kumene vinyoyo amapangidwa. Vuto ndi lakuti minda imene imalandira alendo ilipo yambirimbiri, ndipo yamwazikana kuyambira m'mbali mwa mzinda mpaka makilomita oposa 350 chakum'mawa, choncho munthu ayenera kusankha dera limodzi kapena awiri asanatulutse ndalama.

Zoyenera kuziganizira musanasankhe

Funso limene limalamulira ulendo wonse ndi lakuti ndani adzakhale pa chiwongolero. Lamulo la pamsewu la ku South Africa la mu 1996 limaletsa kuyendetsa galimoto munthu akakhala ndi mowa wofika magalamu 0.05 pa mamililita 100 a magazi, ndipo wopezeka wolakwa akhoza kulipitsidwa chindapusa chachikulu kapena kukhala m'ndende mpaka zaka 6. Kwa mlendo amene akukhala m'dzikolo pa chilolezo cha ntchito kapena cha sukulu, mlandu wotere umasiya dzina m'mabuku a apolisi ndipo ukhoza kudzamuvutitsa pofuna kuwonjezera chilolezocho. Anthu amanyengedwa ndi kuchepa kwa vinyo amene amathiridwa m'galasi, koma masamu ake ndi osavuta. Ngati munda uliwonse ukukulawitsani mitundu 5, ndipo galasi lililonse lili ndi mamililita pafupifupi 40, pofika pa munda wachitatu mwamwa mamililita 600, pamene botolo lathunthu ndi mamililita 750. Khofi sachotsa mowa m'magazi, ndipo chakudya chimangochedwetsa kalowedwe kake. Pa tebulo lililonse lolawirapo pamakhala kachitini kolavuliramo, ndipo kulavula si mwano, chifukwa ngakhale akatswiri opanga vinyo amalavula, koma dalaivala wotsimikizika ndi amene sanalawe n'komwe.

Funsoli likayankhidwa, njira iliyonse ndaiyesa pa mfundo zinayi. Mtengo ndi ndalama zonse pamodzi: zolawira, mafuta, hayala ya galimoto, malo ogona, chakudya, ndiponso kangachepe ka operekera zakudya, kamene mwachizolowezi kamakhala 10 peresenti ya bilu. Kupezeka kwake ndi funso la mtunda, mayendedwe, masiku otsegula ndi kufunika kosungitsa malo. Chisamaliro chikukhudza galimoto, mabotolo amene mwagula ndi thupi lanu. Zoopsa ndi zimene zingasokoneze ulendo kapena kuwononga ndalama.

Nyengo ya kumeneko ndi yosemphana ndi yathu. Mvula imagwa m'miyezi yozizira ya Juni mpaka Ogasiti, pamene Disembala mpaka Febuluwale kumakhala dzuwa loswa mtengo, ndipo mphesa zimakololedwa kuyambira kumapeto kwa Januwale mpaka cha mu Malichi kapena Epulo. Chimene chimapepuka kwa ife ndi chakuti magalimoto amayenda kumanzere ngati kwathu, ndipo laisensi ya ku Malawi, pokhala yolembedwa m'Chingelezi ndiponso yokhala ndi chithunzi, imagwira ntchito kwa mlendo wongocheza.

Njira yoyamba: Constantia

Mtengo. Constantia ili mkati mwenimweni mwa Cape Town, makilomita pafupifupi 20 kuchokera pakati pa mzinda, motero simufunika hayala ya galimoto kapena malo ena ogona. Zolawira ndi chakudya sizotsika, chifukwa derali ndi la anthu olemera, koma ulendo wonse umatuluka wotchipa kuposa ina yonse.

Kupezeka kwake. Mabasi ofiira a City Sightseeing ali ndi njira imene imaima pa minda ingapo ya m'chigwachi, ndipo Uber ndi Bolt zimapezeka mosavuta. Groot Constantia, umene Simon van der Stel, mtsogoleri wa Adatchi ku Cape pa nthawiyo, anaukhazikitsa mu 1685, ndi munda wakale kwambiri wa vinyo m'dzikolo ndipo umalandira alendo masiku onse a sabata. Nyumba yake yakale tsopano ndi yosungiramo mbiri, ndipo imafotokozanso za akapolo amene ankalima mphesazo, ena mwa iwo otengedwa ku Mozambique ndi ku Madagascar. Pafupi pomwepo pali Klein Constantia, kumene mu 1986 anayambiranso kupanga vinyo wotsekemera wa mtundu umene Napoleon ankatumiziridwa ali mu ukaidi pa chilumba cha St Helena.

Chisamaliro. Palibe chambiri, chifukwa botolo limafika kunyumba pasanathe ola limodzi.

Zoopsa. Choopsa chachikulu ndi kukhumudwa kwa munthu amene amafuna ulendo wapamsewu weniweni, pakuti minda ya kuno ndi yochepa ndipo nyumba za mumzinda zimaonekera. Mu Disembala ndi Januwale anthu amachuluka mpaka operekera vinyo sakhala ndi mpata wofotokoza bwino.

Njira yachiwiri: Stellenbosch ndi Paarl pa galimoto

Mtengo. Stellenbosch ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera ku Cape Town, ndipo Paarl pafupifupi 60, choncho mafuta si nkhani yaikulu. Ndalama zimapita ku hayala ya galimoto, imene imafuna khadi la kubanki la ngongole loti kampani isungirepo chikole, komanso ku zolawira, zimene zimasiyana kwambiri. Minda ya mabanja imalipiritsa pang'ono ndipo ina imachotsera ndalama yolawira mukagula mabotolo, pamene minda yokhala ndi mahotela ndi malesitilanti otchuka imalipiritsa kuwirikiza. Ngati pagulu panu palibe wodzipereka kusamwa, kulemba dalaivala wa tsiku lonse kumakweza mtengo, koma anthu anayi kapena asanu akasonkherana umapiririka.

Kupezeka kwake. Palibe dera limene lingapose ili pa kuchuluka kwa zosankha. Mgwirizano wa minda yolandira alendo wa Stellenbosch, woyamba m'dzikolo, unayamba mu 1971 ndi alimi atatu, Frans Malan wa ku Simonsig, Niel Joubert wa ku Spier ndi Spatz Sperling wa ku Delheim, ndipo lero uli ndi minda yoposa 100 m'mbali mwa misewu ya R44, R304 ndi R310. Kuno ndi kwawo kwa vinyo wofiira wamphamvu wa Cabernet Sauvignon, komanso kwa Pinotage, mtundu wa mphesa umene Abraham Izak Perold wa pa yunivesite ya Stellenbosch anaupeza mu 1925 pokwatitsa Pinot Noir ndi Cinsaut. Amene akufuna kumva Pinotage wopangidwa mwaluso amapita ku Kanonkop, ndipo ku Simonsig ndi kumene mu 1971 kunatuluka vinyo woyamba wathovu wa mtundu umene tsopano umatchedwa Cap Classique. Ku Paarl kuli KWV, imene inayamba mu 1918 ngati bungwe la alimi a mphesa, kuli Nederburg, dzina limene ambiri timalidziwa kale kuchokera m'mashopu a kwathu, ndiponso Fairview, kumene amalawitsa vinyo pamodzi ndi tchizi cha mkaka wa mbuzi. Pa msewu wa R301 wolowera ku Franschhoek mumadutsa pa chipata cha ndende imene Nelson Mandela anatulukira pa 11 Febuluwale 1990, imene kale inkatchedwa Victor Verster. Minda ina yaing'ono imatseka Lamlungu, ndipo m'chilimwe malesitilanti amafuna kusungitsiratu malo.

Chisamaliro. Misewu yambiri ndi ya phula, koma tinjira tolowera m'minda ina ndi tamiyala, ndipo inshuwaransi wamba ya galimoto ya hayala kawirikawiri silipira tayala kapena galasi lakutsogolo likawonongeka, choncho muwerenge pepalalo musanasaine. Chofuna chisamaliro kwambiri ndi vinyo amene mwagula. Vinyo amasungika bwino pa kuzizira kwa madigiri 12 mpaka 15, koma ku Paarl m'Febuluwale kunja kumatha kupitirira madigiri 35, ndipo m'buti ya galimoto yoima padzuwa kumatentha koposa apo. Botolo lokhala mmenemo masana onse limakhetsera pachivindikiro ndipo vinyoyo amamveka ngati zipatso zophika. Bokosi losunga kuzizira ndi malo oimika pamthunzi zimathetsa vutoli, kapena mungapemphe munda kuti ukutumizireni katoni kunyumba.

Zoopsa. Chifukwa minda yayandikana, anthu amakopeka kuyendera isanu kapena isanu ndi umodzi pa tsiku, koma pakamwa pamatopa ndipo pofika madzulo vinyo yense amamveka chimodzimodzi. Itatu ndi yokwanira. Apolisi amatchinga misewu kawirikawiri kumapeto kwa sabata, ndipo ngakhale dalaivala wanu asanalawe, ena amene mukukumana nawo pamsewu madzulo alawa. Zikwama ndi mafoni zisaonekere pawindo, makamaka pa msewu waukulu wa N2 chakufupi ndi bwalo la ndege.

Pano ndi poyenera kutchulapo za antchito. Kwa zaka zambiri eni minda ankalipira antchito mbali ina ya malipiro awo ndi vinyo, mchitidwe wotchedwa dop, umene unapitirira m'minda ina mpaka m'ma 1990 ngakhale unali utaletsedwa kale, ndipo zipsera zake zikuonekabe pa kuchuluka kwa ana obadwa ndi mavuto chifukwa cha mowa umene mayi anamwa ali woyembekezera. Wogula amene nkhaniyi imamukhudza akhoza kuyang'ana pa botolo chizindikiro cha WIETA kapena Fairtrade, mabungwe oona za chisamaliro cha antchito a m'minda, kapena kufunafuna vinyo wa makampani a anthu akuda monga Aslina ya Ntsiki Biyela, mayi woyamba wachikuda kukhala katswiri wopanga vinyo m'dzikolo.

Njira yachitatu: Franschhoek ndi kasitima ka vinyo

Mtengo. Tauni yaing'onoyi, imene Afalansa othawa chizunzo cha chipembedzo anakhazikikamo kuyambira mu 1688, ndi yokwera mtengo kuposa madera onse pa malo ogona ndi chakudya. Tikiti ya Franschhoek Wine Tram imalipira mayendedwe okha, ndipo zolawira mumalipira panokha pa munda uliwonse, mfundo imene ambiri amaizindikira atakwera kale.

Kupezeka kwake. Kasitimaka kanayamba mu 2012 pa njanji yakale ya alimi, ndipo kamagwira ntchito pamodzi ndi mabasi otsegula m'mbali. Mumasankha njira imodzi mwa zingapo zodziwika ndi mitundu, n'kumatsika ndi kukwera motsatira ndandanda ya nthawi. Franschhoek ili makilomita pafupifupi 75 kuchokera ku Cape Town, ndipo matikiti a m'chilimwe ndi a Loweruka amatha msanga.

Chisamaliro. Galimoto imakhala poimika tsiku lonse. Chofunika ndi wotchi, chipewa ndi madzi akumwa, chifukwa mukaphonya ulendo umodzi mumadikira wotsatira ndipo munda umodzi umakutayikani.

Zoopsa. Kasitimaka kamathetsa vuto la kuyendetsa pakati pa minda, koma sikathetsa vuto la kubwerera. Munthu amene wabwera pa galimoto yake, n'kulawa tsiku lonse podziwa kuti sakuyendetsa, amapezeka madzulo ali ndi makiyi m'manja ndi msewu wa ola lathunthu patsogolo pake, mwinanso wokhotakhota ngati adzera pa Helshoogte kulowera ku Stellenbosch. Njira imeneyi ndi yanzeru pokhapokha ngati mwalipira malo ogona m'tauni momwemo kapena galimoto yodzakutengani. Loweruka kumadzaza magulu achisangalalo, ndipo munthu wofuna kuphunzira za vinyo sapezako mtendere.

Njira yachinayi: Hemel-en-Aarde

Mtengo. Chigwachi, chimene dzina lake m'Chiafirikanzi limatanthauza kumwamba ndi dziko lapansi, chili kuseri kwa tauni ya Hermanus, makilomita pafupifupi 120 kuchokera ku Cape Town. Botolo la kuno ndi lodula, chifukwa minda ndi yaing'ono ndipo Pinot Noir ndi mphesa yovuta kulima. Muwonjezerepo usiku umodzi wogona, umene umakwera mtengo m'nyengo ya anamgumi.

Kupezeka kwake. Minda yandandalikana m'mbali mwa msewu umodzi wa R320, kotero kusochera n'kovuta. Tim Hamilton Russell ndi amene anayamba kubzala mphesa kuno, atagula malo mu 1975 pofuna dera lozizira ndi mphepo ya kunyanja, ndipo kenako kunabwera Bouchard Finlayson, Newton Johnson, Creation ndi ena. Pinot Noir ndi Chardonnay ndi zimene anthu amadzera. Kuyambira Juni mpaka Novembala anamgumi amafika pafupi ndi gombe la Hermanus moti amaoneka munthu ali pamtunda, zimene zimapatsa chochita anthu osamwa a pagulu lanu. Magalimoto oitanitsa pafoni ndi ochepa poyerekeza ndi mumzinda, choncho mayendedwe a m'chigwamo akonzedweretu.

Chisamaliro. Kuno n'kozizirirapo, motero mabotolo savutika kwambiri, koma mabuleki ndi matayala akhale abwino chifukwa cha zitunda za Sir Lowry's Pass ndi Houwhoek pa N2. Msewu wa m'mbali mwa nyanja wa R44, wotchedwa Clarence Drive, ndi wokongola koma umatenga nthawi.

Zoopsa. Mphepo yamphamvu ndi nkhungu zimavutitsa pa mapiri, ndipo mvula yamphamvu ikhoza kutseka misewu, monga zinachitikira mu Seputembala 2023 pamene madzi anakokolola mbali ya N2 pa Botrivier. Palinso nkhani ya kakomedwe: munthu wozolowera vinyo wotsekemera kapena wofiira wolemera akhoza kuona Pinot Noir ngati wosungunuka, n'kudandaula ndalama zake.

Njira yachisanu: Robertson ndi Route 62

Uwu ndi ulendo wapamsewu weniweni. Mumachoka ku Cape Town pa N1, n'kuboola phiri kudzera mu Huguenot Tunnel, ngalande ya makilomita pafupifupi 4 imene inatsegulidwa mu 1988, kenako ku Worcester mumakhotera pa R60 kupita ku Robertson ndi Ashton, n'kulowa R62 kudutsa Montagu, Barrydale, Ladismith ndi Calitzdorp mpaka ku Oudtshoorn.

Mtengo. Mafuta, chipata cholipiritsa cha pangalande, hayala ya masiku atatu kapena anayi ndi malo ogona zimapangitsa ulendowu kukhala wodula kuposa yonse mukauwerengera pamodzi. Komabe zinthu zake pachokhapachokha n'zotsika: zolawira, nyumba zogona alendo ndi mabotolo a pachipata cha munda zimatchipa poyerekeza ndi ku Franschhoek, ndipo munthu wofuna makatoni a ukwati kapena chinkhoswe amapindula kuno.

Kupezeka kwake. Robertson ili makilomita pafupifupi 160 kuchokera ku Cape Town, m'chigwa cha mtsinje wa Breede, umene madzi ake amathirira minda m'dera la mvula yochepa. Nthaka yake ili ndi laimu wambiri, n'chifukwa chake Chardonnay wa ku De Wetshof ndi vinyo wathovu wa ku Graham Beck amatchuka. Kuno ndi ku Montagu kulinso Muscadel wotsekemera, amene amakomera anthu ambiri ongoyamba kumene. Ku Calitzdorp, minda monga Boplaas ndi De Krans imapanga vinyo wowonjezeredwa mphamvu kuchokera ku mphesa za Chipwitikizi monga Touriga Nacional ndi Tinta Barocca, ndipo pa botolo pamalembedwa Cape Vintage, Cape Ruby kapena Cape Tawny chifukwa pangano la zamalonda ndi mayiko a ku Ulaya linasiyira Portugal dzina la port. Popanda galimoto yanu njirayi siyendeka, ndipo minda yambiri imatseka msanga Loweruka osatsegulanso Lamlungu.

Chisamaliro. Apa galimoto ifunika kuiona ngati mmene timachitira tisananyamuke ulendo wa Lilongwe kupita ku Karonga: madzi, oyilo, tayala lapadera ndi jeke. Pakati pa Barrydale ndi Ladismith pali makilomita oposa 70 opanda tauni, choncho thirani mafuta mpata ukapezeka. Mabotolo azitulutsidwa m'galimoto usiku uliwonse n'kuikidwa m'chipinda, ndipo kugula kwambiri kuchitike pa tsiku lobwerera. Dongosolo labwino ndi kuyendetsa m'mawa, kufika pogona masana, kenako n'kukalawa pa munda woyandikira, kapena kusinthana madalaivala tsiku ndi tsiku kuti wina asamanidwe ulendo wonse.

Zoopsa. Kutopa pa misewu yaitali yowongoka, kutentha kwa dera louma la Klein Karoo, nyama zodutsa msewu madzulo, netiweki ya foni yoduka m'mapiri ndi kutalika kwa zipatala zazikulu ndi zimene muyenera kuziwerengera. Vinyo wa ku Calitzdorp amakhala ndi mowa wa pafupifupi 18 mpaka 20 peresenti, pamene vinyo wamba amakhala ndi 12 mpaka 15, ndipo kutsekemera kwake kumabisa mphamvuyo.

Dera la Swartland, lozungulira Malmesbury ndi Riebeek-Kasteel, sindinaliike pa mndandanda ngakhale kuti Chenin Blanc ndi Syrah wa kumeneko amalemekezedwa kwambiri, chifukwa opanga ambiri amalandira alendo pokhapokha atapangana nawo tsiku, zimene zimayenera munthu wodziwa kale chimene akufuna.

Njira iti kwa yani

Amene wabwera ku Cape Town ku msonkhano ndipo ali ndi masana amodzi okha apite ku Constantia pa basi yofiira kapena pa Uber. Chimodzimodzinso munthu wogwira ntchito mumzindamo amene amapuma tsiku limodzi pa sabata ndipo alibe galimoto.

Banja kapena gulu limene lili ndi munthu wosamwa konse, monga zimakhalira kawirikawiri pakati pathu chifukwa cha chipembedzo kapena thanzi, lisankhe Stellenbosch ndi Paarl, kumene wosamwayo amapezanso tchizi, minda ya maluwa ndi malo a mbiri, ndipo ana ali ndi poseweretsa miyendo. Ngati onse pagulu akufuna kulawa ndipo thumba likulola usiku umodzi wodula, Franschhoek ndi kasitima kake ndi yoyenera, makamaka pakati pa sabata.

Hemel-en-Aarde ndi ya munthu amene wamwapo vinyo wamitundumitundu ndipo akufuna kumva mmene kuzizira kwa dera kumasinthira kakomedwe, kapena ya anthu awiri oyenda pakati pa Juni ndi Novembala amene akufuna kuona anamgumi paulendo womwewo. Route 62 ndi ya amene ali ndi masiku atatu kupita m'tsogolo, madalaivala awiri osinthana, ndi chidwi cha msewu chofanana ndi cha vinyo.

Wobwerera ku Malawi pa ndege agule mabotolo ochepa ndipo awaike m'chikwama chachikulu chopita pansi pa ndege, atawakulunga ndi zovala, chifukwa chikwama cha m'manja sichiloledwa zamadzimadzi zopitirira mamililita 100. Asunge malisiti, popeza mlendo akhoza kubwezeredwa msonkho wa VAT pabwalo la ndege pa katundu woposa R250 amene akutuluka naye, ndipo afunsiretu ku MRA kuchuluka kwa mowa umene umalowa popanda msonkho, kuti katoni yotchipa ya ku Robertson isadzadule pofika ku Chileka kapena ku Lumbadzi.